5040: NAMBALA YOSAKANGANITSA ANTHU

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa ophunzira a sukulu za akuluakulu, ntchito yokolola itatha

Zikomo kuti mwasiya makasu ndi mitondo, mwabwera. Ena mwayenda mtunda wautali. Ena mwabwera ndi ana kumbuyo. Kubwera kwanu kukusonyeza kuti mwatsimikiza mtima.

Pamene dziko lathu la Mozambique linapeza ufulu pa 25 Juni 1975, anthu pafupifupi 9 mwa anthu 10 ali onse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndicho cholowa chimene utsamunda unatisiyira. Mu 1978 boma linayambitsa ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse. Ntchito imeneyo sinathe. Ife tiri pano kuipitiriza.

Lero sitiphunzira zilembo. Tiphunzira nambala imodzi yokha. Ndailemba pa bolodi apa: 5040. Tiiwerenga, tiigawa, tiiswa, tifufuza mtundu wake, mpaka tiidziwe monga tidziwira munda wathu.

Chifukwa chake ndasankha nambala imeneyi

Azakhali anga analima nyemba chaka china, ndipo zinacha bwino. Kunabwera wogula wina ndi sikelo yake. Anapima nyemba, nalipira ndalama zina pomwepo. Zotsala anati adzalipira akadzabweranso. Anagwirizana pakamwa kuti ngongole yotsala ndi mametikali zikwi zisanu ndi makumi anayi. Wogula uja analemba pa kapepala, azakhali nadinda chala.

Patapita mwezi wogula anabweradi. Anatulutsa mametikali 540. Azakhali anakana, nkhani inapita kwa amfumu. Kapepala kataonetsedwa, kanali ndi nambala iyi: 540. Pansi pake panali chala cha azakhali. Wogula sanafafanize kanthu. Anangosiya kulemba ziro mmodzi. Ziro ameneyo anadya mametikali 4500, thukuta la miyezi yambiri.

Anzanga, azakhali anga sanali opusa. Ankadziwa kuwerengera pamtima kuposa ine. Chimene sankadziwa ndi m'mene nambala imaonekera ikagona pa pepala. Makolo athu anaona zomwezi pa misika ya thonje, m'zaka zimene atsamunda ankawakakamiza kulima mbewu imeneyi. Wina ankapima, wina ankalemba, mlimi ankangoyang'ana. Ife takana kungoyang'ana.

Tiiwerenge bwino

Manambala onse a pa dziko lapansi timawalemba ndi zizindikiro khumi zokha: 0, 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8, 9. Mphamvu ya chizindikiro iri pa malo pamene chakhala. Tiyambire kumanja, tizipita kumanzere.

Malo oyamba ndi a chimodzichimodzi. Mu 5040 pali 0.
Malo achiwiri ndi a makumi. Pali 4, ndiye kuti makumi anayi.
Malo achitatu ndi a mazana. Pali 0.
Malo achinayi ndi a zikwi. Pali 5, ndiye kuti zikwi zisanu.

Tsono tinene tonse pamodzi: zikwi zisanu ndi makumi anayi. Pa Chipwitikizi amati cinco mil e quarenta.

Ena amati ziro ndi wopanda ntchito chifukwa atanthauza kuti palibe kanthu. Kumeneko nkulakwa. Ziro ali ngati mlonda wa m'munda. Salima, sakolola, koma amasunga malo. Mukachotsa ziro wa pa mazana, 5 amatsika kuchoka pa zikwi kupita pa mazana, nambala nisanduka 540. Taonani manambala anayi awa: 504, 540, 5040, 5400. Onse ali ndi 5, 4 ndi 0, koma palibe awiri ofanana.

Ambiri a inu mukumbukira chaka cha 2006. Ndalama yathu ya metikali, imene inalowa m'malo mwa eskudo mu 1980, inachotsedwa maziro atatu. Mametikali 1000 akale anasanduka metikali 1 yatsopano. Amene ankadziwa ntchito ya ziro anamva msanga. Amene sankadziwa anavutika pa msika.

Chinthu chinanso. Pa mapepala a Chipwitikizi mudzaona nambala yathu italembedwa 5.040 kapena 5 040. M'mabuku a Chichewa mudzaona 5,040. Musasokonezeke. Kadontho, kampata ndi kamchira kaja kangolekanitsa zikwi ndi mazana kuti maso asavutike. Nambala ndi yomweyo.

Tiigawe

Tiyerekeze kuti koperativa yathu yakolola chimanga chokwana makilo 5040 m'munda wa tonse. Tifuna kugawana mofanana, popanda chotsala.

Mabanja akakhala 2, liri lonse litenga makilo 2520.
Akakhala 3, litenga 1680.
Akakhala 4, litenga 1260.
Akakhala 5, litenga 1008.
Akakhala 6, litenga 840.
Akakhala 7, litenga 720.
Akakhala 8, litenga 630.
Akakhala 9, litenga 560.
Akakhala 10, litenga 504.

Mwaona? Kuyambira 1 mpaka 10, palibe kilo yotsala ngakhale imodzi. Manambala otere ndi osowa. Wamng'ono pa onse ndi 2520. Wotsatira ndi 5040, amene ndi 2520 kawiri.

Nanga mabanja akakhala 11? Apo pavuta pang'ono. Banja liri lonse litenga makilo 458, ndipo makilo 2 atsala. Akakhala 12 zitheka bwino: makilo 420 banja liri lonse.

Wina afunsa: kodi tingadziwe bwanji kuti nambala igawika tisanayambe nkomwe kugawa? Pali njira zachidule. Zilembeni m'makope anu.

Nambala ikathera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, igawika ndi 2.
Ikathera ndi 0 kapena 5, igawika ndi 5.
Ikathera ndi 0, igawika ndi 10.
Kuti mudziwe ngati igawika ndi 4, yang'anani zizindikiro ziwiri zomalizira. Mu 5040 ndi 40. Popeza 40 agawika ndi 4, nambala yonse igawika.
Kuti mudziwe za 8, yang'anani zitatu zomalizira. Pano ndi 040, amene ndi 40 yemweyo, ndipo 40 ndi 8 kasanu.
Kuti mudziwe za 3 ndi 9, phatikizani zizindikiro zonse. 5 + 0 + 4 + 0 = 9. Popeza 9 agawika ndi 3 ndiponso ndi 9, nambala yonse igawika ndi onse awiri.
Ikagawika ndi 2 ndiponso ndi 3, igawika ndi 6.

Pa 7 ndi bwino kungogawa. Koma mukatha kugawa, bwererani m'mbuyo ndi kuchulukitsa, monga munthu amene watseka chitseko amachikankhanso kuti aone ngati chatsekeka. 720 kuchulukitsa ndi 7 akupereka 5040. Samu yakhoza. Ili ndi lamulo lalikulu: kugawa kumatsimikizidwa ndi kuchulukitsa. Wina akakugawirani, inu chulukitsani.

Mizere ndi mapando

Nambala imene igawa inzake popanda chotsala tiitcha chogawira chake. Zogawira zimayenda ziwiriziwiri. Onani bawo. Liri ndi mizere 4, mzere uli wonse maenje 8, onse pamodzi 32. Choncho 4 ndi 8 ndi zogawira za 32, ndipo wina ndi mnzake wa wina.

Tsono tiyerekeze kuti tiri ndi mbewu yokwana mapando 5040. Tifuna mizere yofanana kutalika. Tingaikonze m'njira zingati? Nazi zonse:

1 × 5040, 2 × 2520, 3 × 1680, 4 × 1260, 5 × 1008, 6 × 840,
7 × 720, 8 × 630, 9 × 560, 10 × 504, 12 × 420, 14 × 360,
15 × 336, 16 × 315, 18 × 280, 20 × 252, 21 × 240, 24 × 210,
28 × 180, 30 × 168, 35 × 144, 36 × 140, 40 × 126, 42 × 120,
45 × 112, 48 × 105, 56 × 90, 60 × 84, 63 × 80, 70 × 72.

Werengani ndi chala. Magulu alipo 30, gulu liri lonse manambala awiri. Ndiye kuti 5040 ali ndi zogawira 60. Munda ukakhala wautali ndi wopapatiza, monga wa m'mbali mwa mtsinje, tingadzale mizere 20 ya mapando 252. Ukakhala wotambalala, mizere 70 ya mapando 72.

Tiyeni tifanizire ndi 5000. Ambiri timakonda 5000 chifukwa aoneka wosalala, wosavuta kutchula. Koma 5000 ali ndi zogawira 20 zokha. Mabanja 3 akagawana 5000, atsala 2. Mabanja 6, atsala 2. Mabanja 7, atsala 2. Mabanja 9, atsala 5. Ngakhale 10,000, amene ndi wamkulu pafupifupi kawiri, ali ndi zogawira 25 zokha. Kukula kwa nambala sindiko kugawika kwake. Maonekedwe apusitsa.

Mitundu ya manambala

Mbewu ziri ndi mitundu. Nyemba, nandolo ndi mtedza ndi za m'makoko. Chimanga, mapira ndi mawere ndi za mtundu wina. Manambala nawonso ali ndi mitundu, ndipo nambala imodzi ikhoza kukhala m'mitundu ingapo, monga munthu mmodzi akhala mlimi, mayi ndiponso wophunzira.

Kusiyana koyamba nkwakuti ena agawika pawiri, ena sagawika. Ikani miyala iwiriiwiri. Ikatha bwino, nambala ndi yogawika pawiri. Ukatsala umodzi wopanda mnzake, ndi yotsala. M'mabuku a ana anu kusukulu mudzaona mau akuti par ndi ímpar. Nambala yathu ndi par.

Kusiyana kwachiwiri nkofunika kwambiri. Tengani 7. Mizere yofanana mungaikonze bwanji? Mzere umodzi wa 7, kapena mizere 7 ya phando limodzi. Basi. Zogawira zake ndi ziwiri zokha, 1 ndi iye mwini. Manambala otere tiwatche osasweka. Pa Chipwitikizi ndi números primos. Oyamba ndi awa: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29. Mwa onsewa, ndi mwa ena onse a mtundu wao, 2 yekha ndiye wogawika pawiri. Zaka pafupifupi 2300 zapitazo, Euclid, amene ankaphunzitsa mu mzinda wa Alexandria ku Egypt, anasonyeza kuti manambala osasweka alibe malire. Mungapeze wamkulu bwanji, patsogolo palinso wina.

Manambala ena onse oposa 1 ndi osweka. Tingawaswe monga tiwaza nkhuni, mpaka zitatsala zidutswa zosawazika. Tiyeni tiwaze 5040.

5040 kugawa ndi 2 ndi 2520.
2520 kugawa ndi 2 ndi 1260.
1260 kugawa ndi 2 ndi 630.
630 kugawa ndi 2 ndi 315.
Apa 2 wakana, pakuti 315 athera ndi 5. Tiyese 3.
315 kugawa ndi 3 ndi 105.
105 kugawa ndi 3 ndi 35.
Apa 3 wakana. Tiyese 5.
35 kugawa ndi 5 ndi 7.
Ndipo 7 sasweka.

Tsono tapeza m'mimba mwa nambala yathu:

5040 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7.

Izi ndizo njerwa zimene zinamanga 5040. Mungayambire kwina kuli konse, kaya ndi 70 × 72, kaya ndi 10 × 504, mudzafika pa njerwa zomwezi. Nambala iri yonse yosweka iri ndi njerwa zakezake, ndipo sizisintha.

Njerwazi zikutiuza chinsinsi chonse. Chifukwa chiyani 5040 agawika ndi 14? Chifukwa 14 ndi 2 × 7, ndipo 2 ndi 7 alimo. Chifukwa chiyani sagawika ndi 11? Chifukwa njerwa ya 11 mulibe. Chifukwa chiyani sagawika ndi 25? Chifukwa 25 afuna 5 awiri, koma alimo mmodzi yekha. Nchifukwa chake makilo 5040 sakwana bwino m'matumba a makilo 50. Adzaza matumba 100, ndipo makilo 40 atsala. Nanga 5000? Njerwa zake ndi 2 × 2 × 2 × 5 × 5 × 5 × 5. Mulibe 3, mulibe 7. Ndicho chifukwa chake akanganitsa mabanja atatu.

Kusiyana kwachitatu kumaoneka tikaphatikiza zogawira zonse, kupatula mwini wake. Tengani 8. Zogawira zake ndi 1, 2 ndi 4. Pamodzi ndi 7, sizinafike pa 8. Tinene kuti 8 ndi woperewera. Tengani 6. Zogawira zake ndi 1, 2 ndi 3. Pamodzi ndi 6 ndendende. Tinene kuti 6 ndi wokwanira, ndipo otere ndi ochepa: 6, 28, 496, 8128 ndi ena aakulu kwambiri. Tengani 12. Zogawira zake ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6. Pamodzi ndi 16, kuposa 12. Tinene kuti 12 ndi wosefukira, monga nkhokwe yodzaza mpaka kutayika.

Nanga 5040? Tingotenga zogawira zitatu zazikulu: 2520 + 1680 + 1260 = 5460. Zitatu zokhazi zampitirira kale. Tikaphatikiza zonse 59 tipeza 14,304. Choncho 5040 ndi wosefukira kwambiri.

Pali mtundu winanso wachinayi. Mukayamba pa 1 ndi kuyesa manambala onse mpaka 5039, simudzapeza ndi imodzi yomwe ya zogawira zokwana 60. Yofikako pafupi iri ndi 48. Manambala amene aposa onse a m'mbuyo mwao pa kuchuluka kwa zogawira ali ndi gulu laolao. M'gululi muli 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360, 720, 840, 1260, 1680, 2520 ndi 5040. Wotsatira ndi 7560, wa zogawira 64.

Amene anafufuza gulu limeneli mozama ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1915. Munthu ameneyu anabadwa mu 1887 m'banja losauka. Masamu ambiri anadziphunzitsa yekha, ndipo ankagwira ntchito ya ukalaliki pa doko la Madras. Anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32, koma akatswiri akuphunzirabe zimene analemba. Nzeru za masamu sizisankha nyumba yobadwira.

Anthu asanu ndi awiri pa benchi

Amayi awiri amene mwakhala kutsogoloku, mungakhale pa benchi m'njira zingati? Ziwiri: awa kumanja, awa kumanzere, kenaka nkusinthana. Akabwera achitatu, akhoza kukhala kumanja, pakati kapena kumanzere. Malo atatu pa njira iri yonse mwa ziwiri zija. 2 × 3 = 6. Akabwera achinayi, 6 × 4 = 24. Achisanu, 24 × 5 = 120. Achisanu ndi chimodzi, 120 × 6 = 720. Achisanu ndi chiwiri, 720 × 7 = 5040.

Nambala yathu yatulukiranso kwina. Anthu 7 akhoza kukhala pa benchi limodzi m'njira 5040 zosiyana. Atati azisintha kakhalidwe kamodzi pa tsiku, angathe pafupifupi zaka 14 asanabwereze. Tilembe motere:

1 × 2 × 3 × 4 × 5 × 6 × 7 = 5040.

Palinso chodabwitsa china: 7 × 8 × 9 × 10 akuperekanso 5040. Kayeseni kunyumba.

Ngakhale pa wotchi nambalayi iripo. Ola liri ndi mphindi 60, tsiku liri ndi maola 24, sabata iri ndi masiku 7. Tikachulukitsa, sabata iri ndi mphindi 10,080. Theka lake ndi 5040. Ndiye kuti mphindi 5040 ndi maola 84, masiku atatu ndi theka. Kuwerenga ndi 60 kunachokera kwa anthu a ku Babulo wakale, m'dziko limene lero ndi Iraq. Ndipo 60 ndi wothandiza pa chifukwa chomwe chija: ola ligawika bwino pawiri, patatu, panayi, pasanu ndi pasanu ndi kamodzi.

Anansi ake

Munthu umamdziwanso poona anansi ake. Kumbuyo kwa 5040 kuli 5039. Kusiyana ndi 1 yekha, koma khalidwe ndi lina. 5039 ndi wosasweka. Zogawira zake ndi ziwiri basi. Koperativa itakolola makilo 5039, sangagawike mofanana kwa mabanja 2, kapena 3, kapena 10, kapena 100. Nthawi zonse kanthu katsala.

Kutsogolo kuli 5041. Ameneyu ndi 71 × 71. Ndi munda wa mbali zonse zofanana, mizere 71 ya mapando 71. Zogawira zake ndi zitatu: 1, 71 ndi 5041.

Pano pali funso limene lagonjetsa anthu ophunzira. Kumbukirani manambala a pa benchi aja. Tengani 24, onjezani 1, mupeza 25, amene ndi 5 × 5. Tengani 120, onjezani 1, mupeza 121, amene ndi 11 × 11. Tengani 5040, onjezani 1, mupeza 71 × 71. Kodi tikapitiriza ndi anthu 8, 9, 10 ndi kutsogolo, zoterezi zidzachitikanso? Mfalansa wina, Henri Brocard, anafunsa funso limeneli mu 1876. Makompyuta ayesa manambala osawerengeka, sanapeze wachinayi. Koma palibe amene wasonyeza kuti wachinayiyo kulibe. Funso likudikirabe yankho. Choncho musachite manyazi samu ikakuvutani. Ngakhale aphunzitsi a ku yunivesite ali ndi masamu owavuta.

Nambala yokonzera mudzi

Si ife oyamba kuona ubwino wa 5040. Zaka zoposa 2300 zapitazo, Plato wa ku Athens m'dziko la Greece analemba buku lonena za malamulo. M'bukumo anaganizira za mzinda watsopano ndi m'mene dziko lake lingagawidwire. Anasankha kuti minda ndi mabanja eni minda akhale 5040. Chifukwa chake nchomwe taona lero: nambalayi igawika ndi 1 mpaka 10, choncho misonkho, ntchito ndi magulu a asilikali zikanagawika popanda chotsala. Anafunanso kuti anthu agawidwe m'mafuko 12, ndipo 5040 apereka mabanja 420 pa fuko liri lonse. Vuto la 11 analionanso, ndipo anasonyeza kuti litha pochotsa mabanja awiri. Zoonadi, 5038 ndi 11 × 458.

Koma tisaiwale chinthu chimodzi. Mu mzinda wa Plato munali akapolo, ndipo iwo sanawerengedwe mwa eni minda 5040 aja. Samu yake inali yokhoza, koma olima ambiri anali kunja kwa samuyo. Apa pali phunziro. Nambala yabwino payokha sibweretsa chilungamo. Tiyenera kufunsa nthawi zonse: awerengedwa ndani, ndipo asiyidwa ndani? Pogawa zokolola za tonse, mayi wamasiye alembedwe. Nkhalamba imene inalondera mbalame ilembedwe. Mayi amene anapalira ali ndi mwana kumbuyo alembedwe m'dzina lake.

Phindu lake kwa ife

Mwina wina akuti mumtima: zonsezi nzokoma, koma zindithandiza chiyani kumunda? Tamverani.

Choyamba, musadinde chala kapena kusaina pa pepala musanawerenge nambala. Yambirani kumanja: chimodzichimodzi, makumi, mazana, zikwi. Werengani maziro. Ngati mwakayika, itanani mnzanu wa m'kalasi. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, ganizirani za kugawa musanagule. Gulu la mabanja 6 likafuna kugula matumba a feteleza, 12 kapena 18 agawika bwino. Matumba 13 adzafuna kumasula thumba ndi kupima, ndipo mikangano yambiri imayambira pa thumba lomasula.

Chachitatu, chotsala sichoipa. Choipa ndi chotsala chobisika. Mabanja 11 akagawana makilo 5040, makilo 2 otsala aja alengezedwe pamaso pa onse, alembedwe m'buku, ndipo msonkhano ugamule ntchito yake. Magulu ambiri a alimi sanathe chifukwa cha chilala. Anatha chifukwa cha kukayikirana. Msungichuma mmodzi yekha akamadziwa masamu, gulu lonse liri m'manja mwake. Tonse tikadziwa, iyenso amapepukidwa, pakuti palibe womunamizira. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, dziwani kuti masamu si chinthu cha alendo. Mayi woluka dengu amawerenga mizere. Woumba njerwa amawerenga. Wosewera bawo amawerengera njere asanaike dzanja. M'phanga lina la m'mapiri a Lebombo, mapiri amene amayenda m'malire a dziko lathu kumwera, munapezeka fupa la nyani lokhala ndi mizere 29 yochekedwa ndi munthu zaka zoposa 35,000 zapitazo. Anthu a ku Africa anayamba kale kusunga chiwerengero. Chimene tikuchita m'kalasi ndi kuika pa pepala nzeru imene tiri nayo kale, kuti wina asatibere.

Azakhali anga aja analowa sukulu ya akuluakulu chaka chotsatira. Manja ao anali olimba ndi khasu, pensulo inkawavuta kugwira. Nambala yoyamba yaikulu imene anapempha aphunzitsi kuti awaonetse kalembedwe kake inali 5040. Kuyambira pamenepo, wogula akamalemba, iwo amaima pambali pake ndi kope lao.

Anzanga, tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Lero tadumpha kamodzi. Mawa tidzadumphanso. Amene mwamva, kafotokozereni amene sanabwere. Amuna, lolani akazi anu abwere. Amayi, limbikitsani amuna anu, asaope kukhala pa benchi limodzi ndi inu.

Umbuli uthe!
Kubera alimi pa sikelo ndi pa pepala kuthe!
Maphunziro a akuluakulu apite patsogolo!



Ntchito yochita m'magulu

1. Lembani ndi zizindikiro: zikwi zisanu ndi mazana anayi. Kodi nambala imeneyi ikusiyana bwanji ndi 5040?
2. Mabanja 14 akugawana makilo 5040. Banja liri lonse litenga makilo angati? Tsimikizani yankho lanu pochulukitsa.
3. Popanda kugawa, nenani ngati 7215 agawika ndi 2, ndi 3, ndi 5.
4. Tolani miyala 24. Ikonzeni m'mizere yofanana m'njira zonse zimene mungathe. Kenaka chotsani mwala umodzi, muyesenso ndi 23. Mwaona chiyani?
5. Iswani nambala 360 mpaka mupeze njerwa zake.
6. Kambiranani: m'gulu lanu, zotsala pogawana zimapita kuti? Ndani amazilemba? Kodi onse amaliona bukulo?